Mtanda wakula, ndiwo zachepa



Kukolola kukatha kuno kwathu, kuyambira ku Nkhoma, kutsikira ku Nathenje mpaka kukafika ku Mitundu, funso limakhala limodzi basi: "Mwapata matumba angati?" Palibe amene amafunsa kuti matumba a chiyani, tonse timadziwa kuti ndi a chimanga. Munthu akhoza kukhala ndi nyemba ndowa zisanu, mtedza wosaswa chipinda chonse, mbatata m'nkhuti, maungu ali mbwee pakhonde, koma chimanga chikachepa amalengeza kuti pakhomo pake pagwa njala. Mlendo mungamuphikire mpunga wa nkhuku, akakafika kwawo akanena kuti munamugoneka ndi njala poti sanaone nsima.

Ine maganizo anga ndi akuti kawerengedwe kameneka katipweteka. Kwa zaka zoposa 50 dziko lathu laika ndalama zake, ulangizi wake ndi ndale zake pa mtanda wa nsima, mbale ya ndiwo n'kuisiya kuti idzionere yokha. Mtanda wakuladi, chaka chimene mvula yagwa bwino. Koma chimene chimamanga thupi la mwana, kumupatsa magazi ndi nzeru za m'kalasi, sichikhala mu mtanda. Chimakhala m'kambale kakang'ono ka pambali kaja, ndipo kambale kameneko ndi kamene kakhala kakuphwa.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti chimanga tinalengedwa nacho. Ayi. Chimanga ndi mlendo, kwawo ndi ku America, ndipo chinafika ku Africa ndi zombo za amalonda. Ena mwa odziwa za chilankhulo amati ngakhale dzina lakelo likuloza ku Manga, mawu amene anthu a kugombe la nyanja yamchere ankatchulira Aluya ndi kwawo. Nsima ya makolo akalekale inali ya mapira, mawere ndi mchewere. Pamene David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza anthu akulima mapira, mawere, nyemba, mtedza, maungu, chinangwa, mbatata, ndipo chimanga chinali mbewu imodzi mwa zambirizo. Mpunga wa ku Nkhotakota nawo mbiri yake imapita kwa Jumbe Salim bin Abdallah amene anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840 (za malonda ake ena aja, oipa, ogulitsa anthu, n'zofunika tsiku lakelake). Ndikunena izi kuti tidziwe kuti kadyedwe ka mtundu wa anthu kamasintha. Kanasinthapo kale, ndiye kakhoza kusinthanso.

Ife obadwa m'zaka zoyandikira ufulu wa 1964 tinaupeza munda uli ngati msika. Paphando la chimanga cha makolo ankaponyapo nyemba kapena khobwe. M'mphepete mwa mizere munkayanga maungu, mphonda ndi zipwete. Pachulu pankakhala mawere a thobwa. Nzama zinali ndi kachigawo kake, mtedza wa chalimbana kake. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje palibe ankadzala, zinkamera zokha, ndipo mayi popalira ankadziwa kuti ichi ndi udzu, ichi ndi ndiwo. Mvula ikamapita kumapeto, pabwalo lililonse panali mphasa za mfutso: khwanya, chitambe, mnkhwani, bowa, zonse kuzifutsa, kuziyanika, kuzimanga m'zikwatu n'kupachika kutsindwi kuti zidzatuluke mu Okutobala dzuwa litaswa mtengo. Ana ankapita kutchire kukabwera milomo ili ndi masuku, matowo, maye ndi nthudza. Panalinso chidyerano, mabanja angapo kudyera pamodzi, kotero kuti mwana amene mayi ake aphika therere lokha ankalawako nyemba za kwa azakhali ake. Anzathu Achewa a kuno ankawonjezera mbewa. Zimenezo ife sitidya, koma n'zoona kuti kwa iwo zinali ndiwo za nyama zosagula.

Kusintha kunabwera ndi zolinga zabwino. Mu 1968 m'chigwa cha Lilongwe chino munayamba chitukuko chachikulu cha zaulimi chothandizidwa ndi World Bank, ndipo chinabweretsa misewu, mijigo, misika ndi ngongole za feteleza. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971. Alangizi a nthawi imeneyo ankaphunzitsa kuti mchikumbe weniweni amadzala chimanga pachokha, munda woyera, wopanda zoyangayanga. Wosakaniza mbewu ankaoneka ngati wotsalira. Kenaka mu 1990 kunatuluka haibulidi wa MH17 ndi MH18 amene amakonoleka bwino ngati chamakolo, amayi n'kumulandira. M'zaka zomwezo alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, ndipo malo amene kale ankakhala a mtedza ndi nzama anapita ku fodya. Mu 1998 kunabwera sitata paki, mu 2005 makuponi a Bingu wa Mutharika, mu 2020 AIP. Maina asintha, maboma asintha, koma nkhani ndi imodzimodzi, feteleza ndi paketi ya mbewu ya chimanga. Tsopano kwabweranso mankhwala opha udzu. Amapeputsa ntchito, inde, koma mankhwala sadziwa kusiyanitsa kaufiti ndi bonongwe. Munda wopoperedwa umakhala woyera bwino, n'kumapita kumsika kukagula repu.

Musandimve molakwa. Amene anaona njala ya 2002, anthu akudya mizu ya nthochi ndi gaga, maliro akuchita kutsatizana, sanganyoze thumba la chimanga. Feteleza wotsika mtengo anapulumutsa mabanja ambiri. Koma chaka cha 2024 chinatiwonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Ng'amba itagwa pakati pa dzinja, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Mbewu imodzi inapserera, dziko lonse n'kugwada. Amene anapirirako ndi aja anali ndi kamunda ka mbatata, ka chinangwa, kapena dimba m'mbali mwa dambo. Mbozi za ntchemberezandonda zimene zinalowa m'dziko muno cha mu 2017 nazo chakudya chake chachikulu ndi chimanga chomwecho.

Komanso sindikufuna kukunamizani kuti kale zonse zinali bwino, monga timachitira akuluakulu tikakhala pansi pa mtengo. Kale ana otupikana, a tsitsi lofiira lopyapyala, analipo ambiri. Amayi a chithokomiro pakhosi tinkawaona pafupifupi mudzi uliwonse. Nkhuku ikaphedwa, ntchafu ndi nthutumba zinkapita kwa bambo, mwana n'kupatsidwa mutu ndi zipalapasiro. Mayi woyembekezera ankaletsedwa mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Zina mwa izi zasintha ndipo tiyenera kuthokoza. Mchere wa ayodini wachepetsa chithokomiro. Kafukufuku wa boma wa 2001 anapeza kuti ana aang'ono pafupifupi 60 pa 100 alionse ankaperewera vitamini A m'thupi. Wa 2015 ndi 2016 anapeza 4 okha pa 100. Anathandiza ndi madontho aja amapatsa ana kusikelo, komanso vitamini A amene anayamba kuthiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Ana opinimbira, aja msinkhu wawo sugwirizana ndi zaka zawo, anali 47 pa 100 mu 2010, n'kutsika kufika 37 pa 100 mu 2015 ndi 2016. Likuni phala, chiponde cha kuchipatala ndi phala la kusukulu zagwira ntchito yake.

Koma taonani bwino kumene kwachokera kupindulaku. Kwachokera kusikelo, kufakitale ndi kwa opereka thandizo. Sikunachokere m'munda mwathu kapena m'mphika mwathu. Ndipo 37 pa 100 si nambala yonyadira: pa ana atatu alionse amene akhala pamkeka ku madrasa, mmodzi thupi lake linabwerera m'mbuyo asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo a zaumoyo amati zikachitika pa msinkhu umenewo kubweza kwake n'kovuta, ngakhale m'mutu momwe. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ndi 8 okha pa 100 amene ankadya mokwanira, kunena za kangati patsiku komanso mitundu ya chakudya. Ana pafupifupi 60 pa 100 ankaperewera zinki, mchere wa m'thupi umene umapezeka kwambiri mu nsomba ndi nyama. Alangizi amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Werengani nokha mbale ya dzulo kunyumba kwanu. Mabanja ambiri m'mwezi wa Januwale amathera pa magulu awiri, nsima ndi mnkhwani wothira mchere ndi phwetekere mmodzi. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu amamwetsedwa phala loyera la madzimadzi, mimba n'kutuluka, amayi n'kumati wakhuta.

Tsopano ndifike pa nsomba, poti tsamba lino timawerengera limodzi ndi abale athu a kunyanja. Palibe chakudya chimene chikuonetsa bwino kusinthaku kuposa nsomba. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pachaka. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinali zitatsika osafika ndi theka lomwe. Chifukwa choyamba n'chosavuta kumva. Kalembera wa 1977 anapeza anthu 5.5 miliyoni, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Pakamwa pachuluka katatu, koma nyanja ndi yomwe ija. Chifukwa chachiwiri ndi manja athu. Ku nyanja ya Malombe chambo chinkaphedwa matani oposa 8,000 mu 1982, koma patangopita zaka khumi chinatsala cha matani mazana ochepa chabe, makoka a maso ang'onoang'ono atakokolola ana a chambo ndi udzu wa pansi pa madzi momwe chimaswerana. Kale chambo chowamba, utaka ndi mcheni zinkafika pa misika yathu ino kuchokera ku Salima, mlimi wamba n'kugula atagulitsa mtedza. Lero mwana wa ku Nathenje chambo amachiona pa chithunzi cha m'buku la sukulu. Chimene chatsala chimapita ku mahotela ndi m'mafiriji a m'tauni.

Chimene chatisunga ndi usipa. Masiku ano usipa ndiwo oposa theka la nsomba zonse zophedwa m'dziko muno, ndipo ndi iwo wakwezanso kadyedwe ka nsomba m'zaka zaposachedwapa. Pano ndikufuna nditsutsane ndi anzanga amene amanyoza bonya kuti ndi ndiwo za amphawi. Chambo timadya mnofu n'kutaya mutu ndi minga. Usipa timadya wathunthu, mutu, maso, minga ndi zam'kati, ndipo mmenemo ndi momwe muli zolimbitsa mafupa, zowonjezera magazi ndi zinki uja akusowa ana athu. Kwa mwana wamng'ono, usipa wouma wokazinga pang'ono, wosinja n'kusefa, supuni imodzi m'phala, umaposa zambiri za m'sitolo. Vuto si mtundu wa nsomba. Vuto ndi kamulu. Kamulu ka pamsika kakucheperachepera chaka ndi chaka, banja la anthu asanu ndi awiri kugawana tinsomba towerengeka, mphika n'kudzaza madzi kuti aliyense apeze posunsa. Kumeneko si kudya nsomba, n'kununkhiza nsima.

Ndiye inu a kunyanja, usipa womwewu muusamale. Masikito amene a zaumoyo amagawa kuti titeteze ana ku malungo akasanduka khoka, amakokolola ndi tiana tomwe tisanafike poswa. Nyengo yotseka nyanja ikafika, ena amapita usiku. Koma chitsanzo chabwino chilipo ndipo si cha azungu ayi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa Mfumu Makanjira, usodzi amatseka mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Asodzi a madera ena amakhamukira komweko chifukwa utaka ulipobe. Palibe chachilendo apa. Nsomba yapatsidwa miyezi inayi yoti iswe, basi.

Ife a kumtunda tisadziyese oyera pa nkhani ya nsomba. Diamphwe ndi Lilongwe zimachokera ku Dzalanyama, n'kukathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Mpasa imakwera mitsinje ngati imeneyi nthawi ya mvula kukaikira mazira pamiyala ndi pamchenga woyera. Thumba lililonse la makala lochoka ku Dzalanyama, mzere uliwonse wolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, zimatumiza matope amene amakakwirira malo amenewo. Onjezani aja amathira katupe m'maiwe kuti aphe zonse tsiku limodzi. Mlimi wa ku Mitundu ndi msodzi wa ku Senga Bay amadyera mbale imodzi ngakhale sanaonanepo. Ndipo amene ali ndi malo osaphwa madzi m'dambo aganizire za damu la makumba kapena chilunguni. Sukulu ya Bunda ili pakhomo pathu pomwepa ndipo za ulimi wa nsomba amaphunzitsa. N'zomvetsa chisoni kuti anthu amachoka maiko ena kudzaphunzira pamenepo ife oyandikana nawo tikungodutsa pa njinga.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri chimachitika pamsika, mwezi wa Meyi ndi Juni. Dera lathu lino si losauka pa zakudya zomanga thupi. Mtedza wa CG7 timalima, soya timalima, nyemba, nkhuku, mbuzi, ena mpaka ng'ombe za mkaka. Imani pa Mitundu kapena pa Nathenje tsiku la msika muone kumene zimalowera. Mavenda amakhala atapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu, ndipo mtedza wonse, soya yense, amakwera galimoto. Mazira amapita kwa ophika tiyi. Mkaka umapita kumalo osonkhanitsira, mwana wa mwini ng'ombe osalawako ndi kapu yomwe, m'dziko limene munthu mmodzi samwa ngakhale malita 10 pachaka. Ndiyeno yang'anani zimene zili m'jumbo pobwerera kunyumba: shuga, buledi, kabotolo ka mafuta, zakumwa zotsekemera za mitundumitundu, timapaketi ta zokhumula tija timasiya zala za ana zili psuu. Soya amene tinagulitsa pa mtengo wolira amabwerera ali m'kapaketi, dzina lasintha, ati nyama ya soya, mtengo wake pa kilogalamu utakwera kangapo. Chimanga cha ziweto ndi soya wathu zimakanenepetsa nkhuku zoyera za m'tauni, ife n'kumagula mitu ndi miyendo yake pa chiwaya. Pofika Disembala mayi akufuna nsinjiro, akukagula kambale ka mtedza kwa venda yemwe uja.

Kadyedwe katsopanoka kabwera ndi matenda ake. Kale matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi tinkati ndi a mabwana a ku Blantyre. Kafukufuku wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Amayi onenepa mopitirira anali 17 pa 100 mu 2010, n'kufika 21 pa 100 patangopita zaka zisanu. Choncho m'nyumba imodzi mukhoza kupeza mwana wopinimbira ndi agogo ofa ziwalo mbali imodzi. Ife amene timaitanidwa kukaona odwala ndi kukatsogolera janaza tikuziona zimenezi. Tiyi wa masupuni anayi a shuga, tchipisi cha mafuta amene akhala akuwira pa chiwaya kuyambira Lolemba, mchere wochita kuwaza ndi dzanja pa kanyenya. Zakuti mu shuga muli vitamini A zisatipusitse. Vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira m'kati ngati Zondeni ndi Kadyaubwerere, mu maungu, mu mango ndi mapapaya. Ife Asilamu timasamala kwambiri kufunsa ngati nyama yazingidwa bwino, ndipo n'koyenera kutero. Koma chiphunzitso chathu chimayendetsa mawu awiri limodzi, halaali ndi twayyibu, chololedwa ndi chabwino. Botolo la madzi a utoto ndi shuga ndi lololedwa ndithu. Kuti ndi labwino kwa mwana wa zaka ziwiri amene sanadye dzira mwezi wonse, pamenepo ndiye ndikukana.

Pa nkhani ya ufa ndingodutsapo mwachidule. Ufa woyera ndi wokoma ndipo mlendo timamulemekeza nawo, koma pokonola ndi poviika mphale, mtima wa chimanga umene uli ndi mafuta umapita ku madeya, n'kukanenepetsa nkhuku ndi mbuzi. Mgaiwa umasunga zimenezo, ndipo thumba limakhalitsa. Chenjezo ndi limodzi: mgaiwa umafuna chimanga chouma bwino, chosankhidwa. Chimanga kapena mtedza wa chuku uli ndi poizoni amene amawononga chiwindi ndi kubweza ana m'mbuyo pa kakulidwe, ndipo kuphika sikumupha. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wofota ndi wowola kuti ukhale wa nsinjiro za pakhomo n'choopsa kuposa mmene timaganizira.

Ndikudziwa chimene ena akunena pamene akuwerenga. "A Shehe, mukuyankhula ngati simukudziwa mtengo wa feteleza. Tikapanda kugulitsa mtedza, fizi ichokera kuti? Ngongole ya kubanki m'khonde tibweza ndi chiyani?" Funso limeneli ndi loona. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo chilichonse chinakwera. Malo nawo achepa: kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 banja linkalima pafupifupi hekitala imodzi ndi theka, lero ambiri safika ndi hekitala imodzi yomwe. Sindikunena kuti tisagulitse. Ndikunena za dongosolo la kagawidwe. Palibe mlimi wanzeru amene amagulitsa chimanga asanapatule chodya cha chaka chonse. Amene watero timamuseka. Nanga bwanji mtedza, nyemba ndi soya sitizichitira chimodzimodzi? Ndowa ziwiri za mtedza woswa ndi ziwiri za nyemba zikhoza kuthira nsinjiro m'phala la ana ndi kuika nyemba pamoto kawiri pa sabata kwa miyezi yambiri. Ndalama ya ndowa zinayizo mu Juni ndi yochepa poyerekeza ndi imene mudzagulire zomwezo mu Januwale, osanenanso ya thiransipoti yopita ndi mwana kuchipatala. Ndipo pa malo ochepa, kusakaniza mbewu ndiye kumapindula. Ofufuza a ku Chitedze ndi ku Bunda masiku ano akulimbikitsa zomwe agogo athu ankachita, nandolo m'munda wa mtedza, chaka chotsatira chimanga pomwepo, nthaka itapeza chonde kuchokera ku mizu ndi masamba a mbewu za nyembazo. Feteleza wogula amachepako.

Kwa aboma pempho langa n'lalifupi. Gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lakhala likuthera ku feteleza wa chimanga. Kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anawerengera kuti kunyentchera kwa ana kunkaluzitsa dziko lino chuma chopitirira 10 peresenti ya zonse zimene timapanga pachaka. Zaka zina makuponi ankabwera ndi kapaketi ka mbewu ya mtedza, soya kapena nyemba. Chimenecho chinali chanzeru ndipo chisamakhale chongowonjezera zikatsala ndalama. Nduna ikamalengeza kuti dziko lakolola matani mamiliyoni akutiakuti a chimanga, itiuzenso za nyemba, za nsomba ndi za mazira. Andale amawerenga zimene ovota amafunsa, ndiye pamisonkhano ya kampeni tiyambe kufunsa za ndiwo.

Ife tilinso ndi zathu zimene sizidikira boma. Pali chakudya china chimene Amalawi onse amachidziwa, futali, mbatata kapena chinangwa kapena maungu othira nsinjiro. Dzina lake ndi lomwe lija la futari, chakudya chomasulira swaumu, ndipo linabwera ndi makolo athu a Chisilamu. Lero pa mkeka wofuturu mwadzaza mandasi, masamusa ndi zakumwa za utoto, futali tikumuona ngati wachimidzi. Munthu amene wakhala tsiku lonse osadya, thupi lake limafuna futali, phala la mgaiwa la nsinjiro, nthochi, thobwa la mawere losasasa, osati mafuta ndi shuga. Amene amabweretsa thandizo la Ramadhani m'mizikiti yathu, Allah awalipire zabwino, koma m'malo mwa shuga wambiri aikemo nyemba ndi usipa. Zakaati ya mbewu nayo timaiiwala. Wokolola mbewu yosungika yofika pafupifupi makilogalamu 650, amene ndi matumba 13, amapereka limodzi mwa magawo khumi ngati munda ndi wa mvula, kapena theka la zimenezo ngati anathirira molipira. Lamuloli silinatchule chimanga chokha. Wokolola nyemba zofika muyeso umenewo atulutse nyemba, zikafike kwa mayi wamasiye amene ana ake nyama amaiona pa Qurbani pokha.

Nkhuku zathu zachikuda zimatha chaka chilichonse ndi chitopa, pamene katemera wa I-2, wongodonthezera m'diso katatu pachaka, mtengo wake pa nkhuku imodzi sufika ndi wa dzira limodzi. Nkhuku khumi zikapulumuka, dzira la mwana tsiku ndi tsiku lapezeka, ndipo dziralo lipite kwa wamng'ono ndi kwa mayi woyembekezera, bambo adikire. Mfutso nawo ubwerere. Nthawi yake ndi Malichi ndi Epulo masamba asanakhwime, kuwafutsa pang'ono chabe, osati mpaka afiire, n'kuyanika pamthunzi podutsa mphepo. Amene mukupopera mankhwala a udzu, siyaniko mizere isanu kumapeto kwa munda yoti mupalire ndi khasu.

Chovuta ndi mbewu. Ya luni, ya mawere, ya nzama, ya khobwe woyanga ndi ya mphonda simungaipeze m'sitolo za zipangizo za ulimi pa Nathenje kapena pa Mitundu. Yatsala m'timabotolo ndi m'timsupa ta agogo aakazi ochepa m'midzi yathu, ndipo agogo amenewa akamwalira timabotolo timatayidwa posesa m'nyumba. Amene muli nayo, kaya ndi yodzadza kabokosi ka machesi, bwerani nayo ku mzikiti wa kwanuko Lachisanu, ndipo akomiti alembe dzina la mbewu ndi mudzi umene yachokera. Tigawane mvula yoyamba isanagwe, ndipo wolandira adzabweze kawiri akakolola, Insha Allah.